Dzina la munthu silichokera ku ntchito yake

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa funso limene tazolowera kufunsana pamaliro, paukwati ngakhale pakhomo la tchalitchi, lakuti, “Mukugwira kuti masiku ano?” Wofunsayo safuna kunyoza, koma kwa wachinyamata amene anamaliza maphunziro zaka zingapo zapitazo ndipo akudyabe nsima ya makolo, funsoli limamveka ngati akumuuza kuti sanakhalebe munthu.

Ndikunena zimene ndaziona pakhomo panga. Mwana wa mlongo wanga, amene ndinamulipirira sukulu monga malume wake, atamaliza ku koleji anayenda m'maofesi ndi makalata ofunsira ntchito mpaka envulopu yake inadetsedwa ndi thukuta, kenako anasiya kupita ku mapemphero chifukwa chothawa funso lomweli. Anzake anamutengera kwa mneneri wina amene anamuuza kuti abzale mbewu ya ndalama ndi kugula mafuta odzozera kuti zitseko zitseguke, ndipo mnyamatayo anagulitsa foni yake. Ntchito itakanika, anauzidwa kuti chikhulupiriro chake ndi chochepa. Apa ndi pamene pandiwawa kwambiri, chifukwa munthu amene dziko linali litamukana kale anabwerako akukhulupirira kuti Mulungu nayenso wamukana.

Chiphunzitso chotere sindichipeza m'Baibulo. Genesis 1:27 amati munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo ulemu umenewu anaulandira asanagwire khasu kapena kukolola kanthu. Pa Yesaya 43:1 Mulungu akuuza anthu ake kuti wawaitana ndi dzina lawo ndipo ndi ake. Yesu mwini ankadziwika kwawo ngati mmisiri, pomwe Paulo ankasoka mahema ku Korinto kuti apeze chakudya. Ngakhale m'mbiri yathu, John Chilembwe atabwerako ku America m'chaka cha 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kumene anamanga sukulu ndi kuphunzitsa anthu amene ankagwira thangata kuti pamaso pa Mulungu sali ochepa poyerekeza ndi mzungu mwini esiteti. Sanawagulitse madalitso, koma anawakumbutsa chimene anali kale.

Mnyamata wanga anadzuka pa nthawi imene sitinkayembekezera. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kupha anthu ambiri kuno ku Blantyre mu Marichi 2023, mkulu wa mpingo wina wokalamba anabwera kudzamutenga, osamufunsa chimene anasiyira kupemphera, nangomuuza kuti kumsasa kukufunika munthu wolemba bwino. Anamupatsa kope ndi cholembera kuti azilemba maina a mabanja amene ankagona m'makalasi, kuti ufa ndi mabulangete zikafika pasapezeke wotsala. Ndinapitako tsiku lina ndipo ndinamupeza atakhala pa desiki ya ana, mathalauza ali matope okhaokha, akubwereza pang'onopang'ono dzina la gogo wina wosamva bwino kuti asalakwitse. Gogoyo anamugwira dzanja namufunsa mfunda wake, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankamuitana ndi mfundawo. Madzulo ake anandiuza kuti, “Malume, lero ndagwira ntchito.” Sanalandire ngakhale tambala.

Sindikunena kuti ulova ndi wabwino, kapena kuti pemphero lingalowe m'malo mwa malipiro, pakuti njala siimva ulaliki ndipo amene ali ndi udindo wotsegula mwayi wa ntchito sayenera kubisala kumbuyo kwa mavesi. Pempho langa likupita kwa abusa, ansembe ndi akulu a mipingo, kuti asiye kuyimika kutsogolo okhawo amene agula galimoto kapena apeza mwayi ku Johannesburg ngati kuti umboni ndi umenewo basi, ndipo ayambe kupatsa achinyamata opanda ntchito udindo weniweni, monga kuyendera odwala, kusunga mabuku a mpingo ndi kuphunzitsa ana.

Mpaka lero mnyamatayo sanalembedwe ntchito, ndipo masiku ena amakhumudwabe. Loweruka lililonse amasonkhanitsa ana a Sitandade 8 m'khonde la tchalitchi n'kumawaphunzitsa masamu, ndipo Lamulungu amafika msanga kudzakonza mabenchi. Foni ija sanagulebe ina.

Ine wowerenga wanu,
Malume wa ku Blantyre