Chingwe chomanga aphunzitsi a zamalamulo chimadula malipiro

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mapangano oletsa munthu kukalowa ntchito kwa opikisana nawo akasiya pamene ali, makamaka momwe amakhudzira aphunzitsi a zamalamulo m'mayunivesite. Ine ndimakhala ku Durham, ku North Carolina m'dziko la America, ndipo nkhaniyi kuno tinaionera pafupi.

Kuchoka ku Duke University kukafika ku University of North Carolina (UNC) ku Chapel Hill ndi kaulendo kakafupi pa msewu wa 15-501. Mphunzitsi akhoza kusintha ntchito osasamuka nyumba, ana osasintha sukulu. Munthu angayembekezere kuti masukulu awiriwa azilimbirana aphunzitsi, malipiro n'kumakwera. Koma mu 2015 dokotala wina wophunzitsa ku Duke, Danielle Seaman, anakasuma kukhoti ponena kuti UNC inamukaniza ntchito chifukwa akuluakulu a mbali ziwirizi anali atamvana kuseri kuti asamalandane aphunzitsi. Duke sinavomere kulakwa, komabe mu 2019 inalipira madola 54.5 miliyoni kuti mlandu uthe, ndipo mu 2021 inavomera kulipiranso 19 miliyoni kwa aphunzitsi a maphunziro ena osakhala achipatala. Aphunzitsiwa sanasaine kanthu. Chingwe anachiluka okha mabwana.

Chifukwa chake zimapweteka m'thumba anandifotokozera neba wanga, mayi wophunzitsa zamalamulo pa sukulu ina, tsiku lina tikutaya zinyalala m'mawa. Akuti kuno malipiro sakwera kwenikweni chifukwa chogwira ntchito molimbika. Amakwera ukatenga kalata ya sukulu ina imene ikukufuna, n'kukaiika patebulo pa mkulu wa sukulu yako. Akaona kuti ukupitadi, ndalama zimapezeka tsiku lomwelo. Tsono ngati khomo lotulukira latsekedwa, kalata ija uitenga kuti?

Chondiseketsa n'chakuti maloya eni ake anadziteteza kalekale. Lamulo 5.6 la American Bar Association, bungwe la maloya a ku America, limaletsa loya kusaina pangano lomumanga kuti asakagwire ntchito ya uloya akachoka pa kampani, chifukwa kasitomala ayenera kusankha yekha womuimira. Lamuloli limaganizira kasitomala basi, za mphunzitsi amene anasula loyayo silinenapo kanthu.

Boma la America linayesapo. Mu April 2024 bungwe la boma loona zamalonda la Federal Trade Commission linalamula kuti mapangano otere athe, ponena kuti akumanga antchito pafupifupi 30 miliyoni. Mu August chaka chomwecho woweruza Ada Brown wa ku Texas analigwetsa lisanayambe n'kugwira ntchito komwe. Ngakhale likadapulumuka, mayunivesite ambiri si makampani ofuna phindu, ndipo dzanja la bungweli silifika bwino kumeneko.

Pamene munthu sangachoke, komanso sakudziwa zimene mnzake akulandira, ndi pamene amadyeredwa masuku pamutu. Ku University of Denver, Pulofesa Lucy Marsh anaphunzitsa zamalamulo zaka zambirimbiri asanadziwe kuti amalandira zochepa kuposa amuna a msinkhu wake pantchito. Mu 2018 sukuluyo inalipira madola 2.66 miliyoni kwa aphunzitsi achizimayi 7. Anthu ophunzitsa chilungamo m'kalasi!

Kwathu ku Malawi makhoti amatsatira mfundo ya ku England ya mlandu wa Nordenfelt wa mu 1894, yakuti pangano lomanga munthu limagwira pokhapokha ngati ndi loyenera pa nthawi yake, dera lake ndi chimene likuteteza. Pa mphunzitsi ndikufunsa: chikutetezedwa n'chiyani? Malamulo a dziko si chinsinsi cha kampani ngati kaphikidwe ka chakumwa. Tsopano poti sukulu zophunzitsa zamalamulo si ya ku Zomba yokha, ndikupempha atolankhani anu akafunse mayunivesite akwathu, aboma ndi omwe si aboma, ngati m'makontirakiti a aphunzitsi awo muli ndime yotere, komanso ngati mphunzitsi amaloledwa kuona ndondomeko yonse ya malipiro asanasaine.

Wowerenga wanu,
Durham, North Carolina