Si HIV yokha, tiyezeninso HTLV-1

Akonzi,

Amalume anga kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, atha zaka zitatu akukoka miyendo, mkodzo ukuwapulumuka, kenaka chifuwa chosamva mankhwala. Kuchipatala china anawayeza HIV ndi TB, sanapeze kanthu, n'kuwabweza ndi panado. Achibale anayamba kunong'ona za ufiti.

Chenicheni chinali HTLV-1, kachilombo kodziwika kuyambira 1980, kofala kudzera m'magazi, kugonana ndi kuyamwitsa. Ambiri amakhala nako osadwala. Koma kakachuluka m'maselo a magazi, chitetezo cha thupi polimbana nako chimawononga mtsempha wa msana, mwinanso kutupitsa mapapo. Poyeza HIV sikaoneka.

Ndikupempha a unduna wa zaumoyo aphunzitse anamwino athu kukaganizira kachilomboka. Lero amalumewo timachita kuwanyamula kupita kuchimbudzi.

Mdzukulu wodandaula,
Mufakose, Harare