Tisamale pofukiza nthunzi ya bulugamu

Akonzi,

Nyengo yozizira ino anthu ambiri akufukiza nthunzi ya masamba a bulugamu pofuna kutsegula mphuno. Imapepuzadi chimfine, koma ndikupempha kuti tisamale.

Masamba odzaza dzanja limodzi pa malita 2 a madzi akwana. Akawira, phulani mphika, tsanulirani m'beseni pamalo osagwedera, ndipo dikirani mphindi 2. Nkhope italikire masentimita 30, maso mutatseka, kwa mphindi zosapitirira 10. Musafunde bulangeti pamodzi ndi mbaula: mpweya wa makala sununkha, koma umakomola ngakhale kupha.

Ana aang'ono musawafukize konse. Mwana akangosuntha, madzi otentha amathera pamiyendo. Odwala mphumu nawonso fungo lamphamvuli likhoza kuwabanikitsa.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mafuta a bulugamu a m'timabotolo. Si akumwa amenewa, kasupuni kamodzi kangakomole mwana. Podzola, madontho 2 asakanizidwe ndi kasupuni ka mafuta ophikira, ndipo asafike kunkhope kwa khanda.

Mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, chikhoza kukhala chibayo. Thamangirani naye kuchipatala.

Wowerenga wokhudzidwa,
Zomba