Mpikisano wa Sydney kupita ku Hobart: tiuzeninso za maboti amene sanafike

A Mkonzi,

Tiloleni danga tinenepo za mpikisano wa maboti a matanga umene umachitika chaka ndi chaka ku Australia, kuchokera ku Sydney kukafika ku Hobart pa chilumba cha Tasmania. Ikafika nyengo ya Khirisimasi, masamba a zamasewera amangotipatsa chithunzi cha chiboti chachikulu ndi mzere umodzi wonena kuti chafika choyamba. Ife otsatira za panyanja zimatiwawa, chifukwa kawirikawiri boti lofika loyambalo si limene lapambana, ndipo nkhani yaikulu ili pa maboti amene anabwerera panjira ndi chimene chinawabweza.

Amanyamuka pa 26 Disembala, 1 koloko masana. Mtunda wake ndi mamailosi a panyanja 628, kutanthauza makilomita oposa 1,160. Okonza ndi a Cruising Yacht Club of Australia mothandizana ndi a Royal Yacht Club of Tasmania. Mpikisanowu unayamba mu 1945 ndi maboti 9 okha, ndipo Rani, boti la kaputeni John Illingworth, linayenda masiku 6 ndi maola 14. Mu 2017 Comanche linadutsa njira yomweyo m'tsiku limodzi, maola 9 ndi mphindi 15.

Zikho zazikulu zilipo ziwiri. Choyamba ndi cha boti lofika loyamba, ndipo chimangozungulira pakati pa maboti otalika mamita 30, omwe ndiwo msinkhu womaliza wololedwa. Wild Oats XI lokha linachitenga ka 9. Koma chimene amalinyero amachilakalaka ndi chachiwiri, Tattersall Cup, chimene wopambana wake amapezeka pa masamu awa. Boti lililonse amaliyeza kutalika, kulemera ndi kukula kwa matanga, n'kulipatsa nambala. Nambalayo amaichulukitsa ndi maola amene layenda. Mwachitsanzo, boti lalikulu la nambala 2.0 likayenda maola 40 limawerengeredwa maola 80, pamene laling'ono la 1.1 likayenda maola 70 limawerengeredwa 77. Laling'onolo lapambana, ngakhale lafika anzawo atagona kale usiku wathunthu kumtunda.

Njirayo ili ndi misampha yake. M'mbali mwa gombe la chigawo cha New South Wales muli mtsinje wa m'nyanja wotchedwa East Australian Current, umene umalowera kummwera. Ndi mwayi kwa oupeza, chifukwa umanyamula boti n'kuliwonjezera liwiro. Vuto limabwera ikaomba mphepo ya kummwera imene eni dziko amati southerly buster, yomwe imafika mwadzidzidzi ndi kuzizira. Madzi akulowera kummwera, mphepo ikukankhira kumpoto, mafunde amafupika n'kuima chilili, kumbuyo kwake kopanda potsetsereka. Boti limakwera funde kenako limagwa ndi mimba, ndipo kugwa kotereku kukapitirira usiku wonse ndiko kumang'amba thupi la boti, kuthyola chiwongolero kapena kugwetsa mlongoti. Asodzi a ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay amene amadziwa mwera sangadabwe ndi mafunde afupiafupi otere. Kupitirira pamenepo pali kukamwa kwa Bass Strait, nyanja yosaya pakati pa Australia ndi Tasmania, kumene mphepo ya kumadzulo imapanikizana.

Kumeneko ndi kumene kunagwa zovuta za 1998. Maboti 115 ananyamuka, ofika anali 44 okha. Anthu 6 anamwalira, maboti 5 anamira, ndipo amalinyero 55 anapulumutsidwa, ambiri pokwezedwa ndi chingwe m'helikopita. Chimodzi mwa zimene zinaululika pambuyo pake n'chakuti ambiri sankamvetsa bwino uthenga wa zanyengo. Nambala imene a zanyengo amalengeza ndi yapakatikati. Mphepo yowomba modukiza imatha kuposa nambalayo ndi 40 peresenti, ndipo funde lalikulu kwambiri limatha kuwirikiza kawiri msinkhu wolengezedwa. Ndiye akati mphepo ya makilomita 90 pa ola, konzekerani 126. Kumbukiraninso kuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake thanga amalipinda mphepo isanakule. Ikakula, kutumiza munthu kumlongoti usiku n'kumuika pangozi.

Malamulo a masiku ano ndi okhwima, ndipo ife tikuti akhwime choncho. Wosakwana zaka 18 sakwera. Theka la anthu a m'boti liyenera kukhala ndi satifiketi ya maphunziro odzipulumutsa panyanja, kumene amaphunzira kutembenuza kabwato kopopa kopulumukirako kakagadabuka. Boti liyenera kukhala lotha kudzuka lokha ngakhale litapendekeka mpaka mlongoti kulowa m'madzi, ntchito imene imagwiridwa ndi chitsulo cholemera cha pansi pake chotchedwa keel. Pamafunikanso timatanga tolimba ta namondwe, towala mtundu kuti tioneke patali. Lamulo limene timalikonda kwambiri ndi la pa Green Cape, nsonga ya mtunda kummwera kwa New South Wales: boti lisanalowe mu Bass Strait, kaputeni amalengeza kwa okonza kuti zolumikizirana, injini, mabatire ndi zopulumukira zili bwino, anthu ake ali ndi mphamvu, ndipo wamva za nyengo zatsopano. China chikavuta, doko la Eden lili pafupi. Kukhotera ku Eden si manyazi ayi, ndipo malamulo a mpikisano amaika udindo wosankha kupitiriza kapena kusiya pa boti lenilenilo, osati pa okonza.

Komabe malamulo amenewa sanaletse imfa ziwiri za usiku woyamba wa mpikisano wa 2024, ndipo apa ndi pamene tikufuna owerenga amvetse. Palibe boti linamira. Pa boti la Flying Fish Arctos munthu anamenyedwa ndi boom, mtengo wopingasa umene umagwira m'munsi mwa thanga lalikulu. Pa boti la Bowline wina anakankhidwa ndi chingwe chokokera thangalo n'kukamenyetseka pa winchi, chipangizo chokulungira zingwe. Usiku umenewo mphepo inali yamphamvu yochokera kumbuyo, imene anthu osadziwa amaiyesa yabwino chifukwa boti limathamanga ndipo silipendekeka kwambiri.

Zimachitika motere. Mphepo ikakhala kumbuyo, boom amaitayira kunja mbali imodzi. Funde likanyamula kumbuyo kwa boti n'kulipotoza pang'ono chabe, mphepo imalowa kuseri kwa thanga, ndipo boom yonse imasesa pamwamba pa boti kupita mbali inayo m'kuphethira kwa diso. Chingwe chake chimayamba chalenda, kenako chimakungika mwamphamvu, ndipo aliyense amene ali m'njira yake alibe nthawi yowerama. Zodzitetezera zimadziwika. Woyendetsa asalunjike ndendende kumene mphepo ikupita, apatuke pang'ono ngakhale njira italike. Asinthane pafupipafupi, chifukwa wotopa ndi wodwala chizungulire cha panyanja amachedwa kumva funde mumdima. Amange chingwe chochokera kunsonga ya boom kupita kutsogolo kwa boti, chodzera pa kapule n'kubwerera kwa munthu amene angachimasule msanga, pakuti chikakanirira boti litatembenuka chimalipanikiza cham'mbali m'madzi. Pofuna kutembenuza thanga mwadala, ayambe akokera boom pakati, woyendetsa afuule, onse ayankhe, kenako atembenuke n'kumasula pang'onopang'ono. Ndipo malo amene chingwe chimadutsa asakhalepo munthu, ngakhale kwa kamphindi.

Usiku womwewo wa mu 2024 mmalinyero wa pa boti la Porco Rosso anakokoloka n'kugwera m'nyanja, koma anzake anamupeza ali moyo. Chinathandiza ndi kachipangizo ka pa jekete yoyandamitsa kamene kamatumiza malo a munthu ku makina a m'boti. Popanda iko, mutu wa munthu pakati pa mafunde usiku suoneka ngakhale ndi tochi yamphamvu. Lamba womangirira munthu kuboti nayenso ali ndi luso lake: wamfupi wa mita imodzi amakusunga m'kati, wautali wa mamita awiri amakulola kugwera kunja n'kumakokedwa m'madzi.

Maboti akazungulira chilumba cha Tasman Island n'kudutsa Storm Bay, amalowa mu mtsinje wa Derwent, kumene vuto limatembenuka. Usiku mphepo imafa, ndipo boti limene linali patsogolo ndi makilomita ambiri limangoyandama, otsalira n'kulipeza. Mu 2023 LawConnect linapitirira Andoo Comanche mumtsinjemo n'kufika loyamba ndi masekondi 51 okha, pamene Tattersall Cup inapita kwa Alive, boti la ku Tasmania komweko.

Pempho lathu, a Mkonzi, ndi lakuti Disembala akubwerayu musathamangire kutseka nkhaniyi tsiku limene boti loyamba lafika. Dikirani masiku awiri kapena atatu kuti aang'ono nawo afike ndipo masamu a Tattersall Cup atuluke. Mutilembere maboti amene ananyamuka, amene anafika, amene anasiya, ndi chifukwa cha lililonse, kaya ndi chiwongolero, mlongoti, thanga long'ambika kapena munthu wovulala. Okonza mpikisanowu amaika zonsezi poyera pa intaneti, ndipo mtolankhani wanu sangavutike kuzipeza.

Ife owerenga anu,
Okonda maboti a matanga