Kalata yochokera ku Cambridge: za miyala yowerengera mtunda

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Munandifunsa za mwala umene munauona pachithunzi chija, ndipo ndaona kuti yankho lake silingakwane pa foni.

Mwalawo uli m'mbali mwa msewu wa Trumpington Road, ndipo unaimikidwa mu 1728. Ndi woyamba mwa miyala 16 yondondozana kuchoka kuno kukafika pamudzi wa Barkway. Anaiimika ndi William Warren wa ku koleji ya Trinity Hall, amene anayamba kuyeza mtundawo mu 1725 kuchokera pa tchalitchi cha Great St Mary's, pakati pa mzinda. Nthawi iliyonse ndikamadutsapo ndimaganiza za bambo ameneyu, amene anafuna kuti mlendo woyenda pansi kapena pa kavalo adziwe ulendo umene wamutsalira.

Masiku amenewo misewu ikuluikulu ya ku England inkaperekedwa m'manja mwa mabungwe otchedwa turnpike trusts. Nyumba ya Malamulo inkawalola kuika zipata pamsewu ndi kulipiritsa odutsa kuti ndalamazo zikonzere msewuwo, monga mmene mumalipirira pa Chingeni mukamapita ku Blantyre. Lamulo loyamba lotere linakhazikitsidwa mu 1663, ndipo pofika zaka za m'ma 1830 mabungwewa anali ataposa 1,000. M'zaka za m'ma 1760 lamulo linawakakamiza kuika mwala pa mailo iliyonse, ndipo zimenezi zinathandiza oyendetsa ngolo za makalata kusunga nthawi, komanso wobwereka akavalo sankakangananso ndi mwini wake za kutalika kwa ulendo. Sikuti anthu onse ankakondwa nazo zipatazo, chifukwa ku Wales, pakati pa 1839 ndi 1843, alimi osauka ankavala zovala za akazi n'kumaziphwanya usiku. Njanji zitabwera ndalama zinachepa, ndipo bungwe lomaliza linatha mu 1895 ku Anglesey.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi cha mu 1940. Poopa kuti asilikali a ku Germany alowa m'dzikoli, boma linalamula kuti zizindikiro zonse zolozera njira zichotsedwe, ndipo miyala yambiri inazulidwa, ina inakwiriridwa pansi, ina anaigoba malemba ake. Nkhondo itatha, si yonse imene inabwezedwa pamalo pake. Yotsalayo lero ikuphwanyidwa ndi magalimoto ndiponso makina otchetchera udzu m'mbali mwa msewu, pamene ina akuba amaichotsa zitsulo zolembedwapo mayina. Bungwe la Milestone Society, limene linayamba mu 2001, limaiwerenga, kuilemba m'kaundula ndi kuipaka penti, ndipo ambiri mwa ogwira ntchitoyi ndi ongodzipereka.

Mnzanga wina wa kuntchito ankanena kuti ndi bwino kuisonkhanitsa yonse m'nyumba yosungiramo zinthu zakale kuti itetezeke. Ine ndinamutsutsa, ndipo maganizo anga sanasinthe. Mwala wolembedwa kuti kwatsala mamailosi akutiakuti kukafika ku London umanena zoona pamalo amodzi okha padziko lonse lapansi, ndipo mukausuntha, ngakhale muupukute ndi kuuika m'galasi, malemba akewo amasanduka bodza. Pamene waimapo umatiuza kumene msewu wakale unkadzera asanauwongole, komanso tauni imene anthu a nthawiyo ankaiona kuti ndi yofunika kuitchula. Inu mukudziwa mmene dzina la Six Miles linakhalira ku Lilongwe, kuti muyeso wa mtunda unasanduka dzina la malo ndipo simungalinyamule kupita nalo kwina.

Loweruka likudzali ndikufuna kupalasa njinga kutsata msewu wa ku Barkway kuti ndiione miyala 16 yonseyo, ndipo ndidzakutumizirani zithunzi za uliwonse. Mundiperekere moni kwa mayi ndi onse kumudzi.

Ndine mnzanu,
wa ku Cambridge