Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg

Limbe, Loweruka usiku

Aise,

Kalata yako yafika ndi a Gondwe pamodzi ndi nsapato zija. Zikomo, koma wagula za phazi la mwana wa sukulu. Ndamupatsa Mavuto, ndiye akuthokoze yekha. Kuno tilipo, kungoti bondo la mayi layambiranso.

Tsono zoti ndine "loya wa mabwana opha anthu pamsewu" wazimva kwa ndani? Nabanda eti? Ine si loya. Loya ali m'tauni ku Blantyre, pa mpando wozungulira. Ine ndili pa desiki yoyandikana ndi galaja, makutu ogontha ndi nyundo. Thiraki yathu ikachita ngozi, ntchito yanga ndi kusonkhanitsa mapepala oti loyayo akaimire nawo kampani: lipoti la apolisi, laisensi ya dalaivala, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu), khadi la kugalaja losonyeza tsiku limene anakonza mabuleki, risiti ya pa sikelo ku Balaka, ndi pepala la tracker, kachipangizo kolondola mmene galimoto ikuyendera. Lomalizali ndilo limatiombola kawirikawiri. Mboni iliyonse ya pamsewu imalumbira kuti galimoto "imauluka", chifukwa chimthiraki cha matani 30 chikakudutsa pafupi mtima umagunda ngakhale chikuyenda pa 50. Tracker sidziwa mantha, imangolemba liwiro ndi nthawi. Koma ikalemba 95 pa tauni ya anthu, loya amatseka fayilo n'kuuza abwana kuti kambiranani, lipirani, musakadzichititse manyazi kukhoti.

Koma chimene chikundisowetsa tulo masiku ano ndi mbuzi. Usaseke. Thiraki yochokera ku Beira inagunda mbuzi cha ku Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza umakumana ndi M1. Dalaivala anati zinali ziwiri. Kalata ya mwini wake, yodindidwa ndi amfumu, inati zisanu. Patapita mwezi kunabwera ina yoti zonse zinali ndi bere. Yachitatu ikuti mtundu umenewo umaswa mapasa. Aise, mbuzi zakufa zikuswana mu fayilo yanga kuposa zamoyo za kwa agogo! A inshuwalansi akuti ndalamayo siinapitirire gawo limene kampani imalipira yokha, ndiye iwo sizikuwakhudza. Loya akuti kulemba kalata imodzi pa nkhaniyi kudya ndalama zoposa khola lonse. Abwana akuti tikalipira zisanu, mawa m'mudzi monse aziweta mbuzi pa phula. Onse akamaliza kunena amandiyang'ana ine. Mkazi wanga wagula nyama ya mbuzi Lamulungu, ndinalephera kudya, ndimaganiza kuti ndikudya umboni.

Iwe kumeneko muli pabwino pa nkhani izi, ngakhale umadandaula. Ku South Africa wovulala pamsewu amapita ku Road Accident Fund, imene ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta, ndipo mwini thiraki sathamangitsidwa ndi masamoni a wovulalayo. Kuno amasumira onse pamodzi: dalaivala, kampani yomulemba ntchito, ndi a inshuwalansi. Lamulo limati wantchito akalakwa ali pa ntchito, bwana wake ayankhe. Ndiye pepala lathu la inshuwalansi lili ndi malire a K5 miliyoni pa munthu wovulala. Ndalama imeneyo inali ndi ulemu kale, koma kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu 2023, khoti likagamula chipukuta misozi cha munthu woduka mwendo, malirewo amatha msanga ndipo zotsalazo zimagwera kampani. Ukachedwa kuyankha masamoni, chigamulo chimatuluka iwe kulibe, kenako asherifu ali pa geti akuwerenga matayala. Zoyenda kunja nazo zili ndi mutu wake: Yellow Card, inshuwalansi yoyendera m'mayiko a bungwe la COMESA, imatithandiza ku Zambia ndi ku Zimbabwe, koma Mozambique siili mu COMESA, ndiye pa boda ya Zobue timagulanso inshuwalansi ina.

Tsopano chifukwa chenicheni chimene ndakulembera. Ukuwakumbukira a Mbewe, amene amatipatsa lifiti yopita ku Dedza? Akuti ali ku Johannesburg komweko, akuyendetsa galimoto ya katundu. Ndipezere, chonde. Munthu wovulala ali ndi zaka 3 zoti asumire, ndipo ena amabwera nthawiyo ili pafupi kutha, dalaivala atasamuka, kondakitala atamwalira, makadi a kugalaja atadyedwa ndi chiswe. Mlandu wa a Mbewe wadzuka chonchi. Thiraki yawo inafera usiku cha ku Chingeni, mnyamata wa kabaza ya moto n'kudzagunda kumbuyo kwa ngolo. Funso lonse lagona pa chinthu chimodzi: kodi anaika matrayango ochenjeza, kapena anangothyola nthambi n'kumwaza pamsewu monga amachitira ambiri? Lipoti la apolisi silinenapo kanthu. Popanda a Mbewe tilibe pakamwa.

Mnyamatayo ndinamuona ku High Court ku Chichiri, tsiku lokambirana pamaso pa jaji mlandu usanalowe m'bwalo. Ali ndi ndodo ziwiri, buluku lopinda ndi phini pa bondo. Msinkhu wa Mavuto. Loya wathu anena kuti analibe laisensi, analibe chisoti, nyali ya njinga inali yakufa, ndipo ananyamula anthu awiri. Zonsezo n'zoona, ndipo khoti likavomereza kuti nayenso analakwa, lidzadula chipukuta misozi chake molingana ndi gawo la kulakwa kwakeko. Mapepala otsimikizira zimenezo ndinasonkhanitsa ndine. Anandipatsa moni mwaulemu pa khonde, osadziwa kuti fayilo ndanyamulayo ndi yomudulira ndalama. Ndiye ukamanditchula dzina lija, pena limandilasa.

Komabe usaganize kuti amene akumuyimira ndi angelo. Pali anyamata amene amazungulira m'zipatala kusaka ovulala, kuwasainitsa mapepala munthu akadali pa diripi. Nkhani yoti ndalama zinatuluka kalekale koma mwini mwendo anangolandirako nyenyeswa siyachilendo kuno. Ine ndikanakonda tilipire msanga zoyenera, zifike m'manja mwa mwini wake, kusiyana n'kukokana zaka pomwe kwacha ikusungunuka. Ndikanena zimenezi mu ofesi amandifunsa ngati ndikufuna kutsegula tchalitchi.

Ha, ndikanaiwala, Tadala akukwatiwa mu Okutobala, ndipo amalume ako a ku Ntcheu tinawaika mwezi watha, ndikhulupirira anakuuza. Makina ofotokopera a mu ofesi afanso, moti masamba onse a mlandu ndikumakajambulitsa kumsika ndi ndalama ya m'thumba mwanga, kubweza kwake mpaka ndilembe kalata. Shuga nayenso usafunse.

A Mbewe ukawapeza usawaopseze, uwauze kuti palibe akuwamanga, tikungofuna alembe zimene anachita usiku uja n'kusaina pamaso pa loya. Ukayamba ndi mawu oti khoti athawira ku Durban. Ndipo nsapato ulendo wina ndi 9, osati 6. Magetsi azima, ndikulemba ndi tochi ya foni, ndipo a Gondwe anyamuka m'bandakucha. Za mbuzi zija, lero masana kwabweranso munthu wina akuti imodzi mwa izo inali yake, yobwereketsa.