Mpamba wa mayi umathera kuti?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa zomwe ndimamva kawirikawiri, zoti bizinesi ya mayi sikula chifukwa amayi sadziwa malonda. Zoti phindu lawo limachepa sindikutsutsa. Lipoti la World Bank la 2019 linapeza kuti m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, amayi amapeza phindu lochepa ndi 34 peresenti poyerekeza ndi abambo. Chomwe ndikukana ndi chifukwa chomwe anthu amaperekacho.

Ine ndimalembera amayi anzanga osoka zovala kaundula wa ndalama, ndiye ndimaona mmene mpamba umasungunukira. Mayi watenga ngongole lero, pofika madzulo nyumba yonse yadziwa. Bambo akuti andibwerekeko ndikonzetse njinga yamoto, mlamu wadwala, mwana amubweza kusukulu. Akane bwanji? Ndalama ija imatuluka pang'onopang'ono, nsalu osagula, koma tsiku lobweza likafika dzina lomwe limaitanidwa ndi lake.

Si ife tokha. Ku Sri Lanka ofufuza anapatsa amalonda ang'onoang'ono ndalama zaulere. Phindu la abambo linakwera, la amayi silinasunthe, ndipo ambiri anathamangira kunena kuti amayi alephera. Ofufuza ena atafatsa nazo ziwerengero zomwezo, pamodzi ndi za ku India ndi ku Ghana, anapeza kuti m'mabanja momwe mwamuna nayenso anali ndi bizinesi, ndalama ya mayi inkalowera kwa mwamunayo. Komwe wamalonda pakhomo anali mayi yekha, phindu lake linkakwera bwinobwino. Zimandiwawa kuti mayi ameneyu, yemwe mpamba wake wakuza bizinesi ya mwamuna wake, ndi amene amalembedwa kuti ndi wolephera.

Ku Ghana komweko kunaonekanso chinthu chomwe obwereketsa ndalama ayenera kuchigwiritsa. Amayi omwe anapatsidwa katundu wogulitsa kapena zipangizo anapindula kuposa omwe anapatsidwa ndalama m'manja, makamaka omwe bizinesi zawo zinali zitakhazikika kale. Sizodabwitsa. Ndalama ya pampango aliyense amaipempha, koma makina osokera palibe angawagawe pakati.

Pempho langa kwa mabanki ndi mabungwe othandiza amalonda ndi lakuti ngongole ya mayi izipita mwachindunji kwa wogulitsa katundu kapena zipangizo, ndipo yotsalayo izilowa mu akaunti ya dzina lake yekha, yomwe nambala yachinsinsi akuidziwa ndi iye mwini.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wosoka zovala